Zimene Ndinauza Loya Ndili Pamwamba pa Chulu

"Kuno mukafunsidwa dzina, muzipereka theka. Mukafunsidwa kwanu, muziloza kumene kukuchokera mphepo. Munthu akakusekererani kwambiri, muzigwira chikwama."

Mawu amenewa anandiuza ndi Anangozo, mayi wojintcha wa ku Ntcheu amene anandilandira pa depoti ya basi ku Joni, miyendo yanga ikadali yotupa ndi ulendo. Ndinawasunga mawuwo monga timasungira mbewu kutsindwi, ndipo nawonso anandisunga. Koma chaka chino anatsala pang'ono kundilanditsa mwana. Nkhani yake ndi imene yandikhazika pansi kuti ndilembe, ine amene sindiuza munthu ngakhale ndiwo imene ndadya.

Ndinapita ku Joni imvi zitayamba kale. Bambo a kunyumba anali atatisiya, ndipo mwana wanga mmodzi yekhayo, Yohane, anali atatchona komweko. Poyamba ankaimba foni, kenako ankangopatsira moni anzake obwera kuno, kenako zii. Ndinati ndikagwire ntchito uku ndikumufunafuna. Ndinachoka kwathu ku Lukwa fodya ali pa nazale, ndipo ndinatsanzika munthu mmodzi yekha, achimwene anga a Malizani. Iwonso ndinawauza chikwama chili kale pamutu.

Chipinda chathu chinali kuseri kwa shopu ya munthu wina, malata pamwamba, malata m'mbali. Nyengo yozizira malatawo ankadontha madzi ngati akulira. Amayi tinalimo ochuluka kuposa mabedi, choncho ogwira ntchito usiku ankagona masana pa bedi la ogwira masana. Bedi silinkazizira. Ine ndinkachapa ndi kusita nsalu pa nyumba ina yogona alendo, mpaka zala zanga zinasiya kumva kutentha kwa simbi. Pokwera minibasi ndinkakhala chete ngati wosalankhula, chifukwa kumeneko lilime ndi limene limamuulula mlendo. Masiku amene alendo ankathamangitsidwa tinkatseka chitseko ndi bedi lenilenilo, n'kumamvetsera mapazi akudutsa panja.

Koma musaganize kuti tinkangolira. Kuseri kwa chipinda tinadzala nkhwani m'matayala akutha, ndipo wina akalandira kaphukusi ka usipa kochokera kumudzi, Lamulungu limenelo linkasanduka ukwati. Tikatha kudya, ine ndinkatenga chithunzi cha Yohane n'kuyendera matchalitchi amene Amalawi ankapempherako. Wina ankati anamuona ku migodi, wina ankati ali ku minda ya mphesa. Sindinamupeze. Mpaka lero.

Anangozo anali ndi lamulo lawo m'chipindamo. Mtsikana aliyense wofika kumene ankapatsidwa mayi woti azimuyang'anira. Ine anandipatsa Esinati, kamtsikana kowonda, ka mpata kumano, kolongolola ngati wailesi yopanda batani lozimitsira.

"Kwanu n'kuti, iwe?" ndinamufunsa tsiku loyamba.

"Kulikonse kumene kuli chigafa, amayi," anatero akuseka.

Sikunali kuseleula. Makolo ake anali matenanti, anthu ochokera kumwera amene ankalima fodya m'maesiteti a kwathu ku Kasungu konkuno, chaka chino esiteti iyi, chaka chamawa ina. Onse awiri anafera pa maesiteti, ndipo mudzi umene anachokera Esinati sankaudziwa. Atamva kuti ndine wa ku Lukwa anandikumbatira ngati wapeza mayi ake enieni. Ine ndinagwira chikwama.

Ndinayesetsa kumuphunzitsa kutseka pakamwa. Ndinalephera. Ankacheza ndi aliyense, ndipo mwa aliyenseyo munali mnyamata wina wa kwathu komwe kuno, Lakisoni, amene ankatsuka magalimoto. Nsapato zake zinkawala kuposa magalimoto amene ankatsukawo, ndipo ine munthu wa nsapato zowala choncho sindimukhulupirira. Esinati anatenga pathupi pa mnyamatayo, ndipo atatsala pang'ono kuchira, Lakisoni anabwera m'chipinda mwathu n'kunena pamaso pa tonse kuti akupita m'tauni kukagula beseni losambitsira mwana. Anapita. Mwana anabadwa, mchombo unagwa, mano anamera, beseni osafika.

Mwanayo anali wamkazi, tinamutcha Tadala. Anali wa chipinda chonse. Wobwera ku ntchito ankamulandira kwa wopita ku ntchito, ndipo anaphunzira kuyenda atagwira miyendo ya mabedi. Koma Esinati anayamba kutsokomola, n'kumawonderawondera mpaka kusowa pomugwira. Tsiku lina masana, nthawi yoona odwala, ine ndi Anangozo tili pambali pa bedi lake kuchipatala, anandigwira dzanja.

"Amayi, mwanayu mupite naye kwanu. Akhale ndi kwawo. Asadzayankhe ngati mmene ndinakuyankhirani ine."

Tinamuika m'manda a komweko, pa dothi lofiira losadziwa aliyense wa ife. Amayi a m'chipinda anayenda nane m'maofesi mpaka tinapeza chikalata chodutsira ndi mwana, ndipo chikalatacho chinatsala pa chipata cholowera m'dziko muno. Ndinafika ku Lukwa ndi zikwama ziwiri ndi Tadala kumsana.

Nyumba imene ndinkatumizira malata ndinaipeza ilipo, koma munali mabelo a fodya a achimwene, ndipo zitseko zake zinali pa nyumba yawo. Abale anandilandira maso ali pa zikwama. Alamu anga Anabanda, akazi a achimwene, anayamba ndi iwo kufunsa.

"Nanga kamwanaka n'ka ndani, alamu?"

"Ndi mdzukulu wanga."

"Wa kwa Yohane?"

Ndinangowayang'ana. Iwo anatenga kuyang'anako ngati yankho, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unkadziwa kuti ndabwera ndi mwana wa Yohane. Sindinaname, sindinatsutse. Ndinaona kuti mwana wa Yohane palibe angamutche mlendo pa malo ano, pamene mwana wa tenanti aliyense akanamuloza chala. Dzira salibisa pa njira. Ndinatseka pakamwa, Tadala n'kukula, n'kuyamba sukulu, n'kulowa kwaya, mpata wa kumano uja n'kuonekera.

Mpatawo ndi umene unatigwiritsa. Chaka chino kunali msonkhano wa makwaya ku Mtunthama, ndipo ndinamuperekeza, poti ine mwana sindimutumiza ndi anthu. Akuimba kutsogolo, ndinamva kuti wina akundiyang'ana. Nditacheuka ndinayamba kuona nsapato. Zinali zowala.

Lakisoni tsopano ndi kapitawo pa esiteti ina cha komweko, ali ndi mkazi ndi ana ang'onoang'ono. Sabata isanathe anafika pakhomo ndi amalume ake, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi achimwene. Anati mwanayo ndi magazi ake, akufuna kumutenga fodya akatha kugulitsidwa, akakhale ndi abale ake. Ine ndinamva kuti akufuna wolera ana wosalipidwa. Achimwene anaseka n'kumuuza kuti wasokera, mwanayu ndi wa Yohane. Lakisoni anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana nkhuku.

Tsiku limenelo sindinadye. Kupita kwa munthu wa m'mudzi kukafunsa nzeru sindikanatha, chifukwa pano ukanong'oneza mmodzi wauza msika. Ndinakumbukira kuti pa wailesi anatchulapo tsamba lina la pa intaneti pamene maloya amayankha mafunso a anthu mwaulere. Foni ndimaidziwa, ndinaiphunzira ku Joni. Vuto ndi netiweki, imene kwathu kuno imapezeka pamwamba pa chulu cha kuseri kwa chigafa basi. Ndinakwera chulucho m'mawa, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kulemba funso langa loyamba:

"Kodi munthu angalande mwana?"

Ndinaona kuti ndalemba bwino kwambiri. Palibe dzina, palibe mudzi, palibe chogwirira. Anthu a pa tsambapo anayamba kundiseka. Wina anati, "Mwana wa mbuzi kapena wa munthu?" Wina anati, "Angalande ngati ali ndi mphamvu, mayi." Kenako anayankha loya wake, mayi wina amene pa chithunzi ankaoneka wamng'ono moti akanatha kukhala mwana wanga.

"Amayi, funso lanu lili ngati munthu wofika kuchipatala n'kunena kuti ndikudwala, kenako n'kutseka pakamwa. Mwanayo ndi wamkulu bwanji? Wakhala akuleredwa ndi ndani? Makolo ake ali kuti? Wofuna kumutengayo ndi ndani kwa iye? Inu muli m'dziko muno kapena kunja?"

Ndinazimitsa foni. Mafunso onsewa a chiyani? Ndinati uyu watumidwa ndi Lakisoni. Ndinatsika pa chulu n'kukasoka fodya, koma singano inkangondibaya.

Mawa lake ndinakweranso ndi nzeru ina. Ndinalemba kuti ndikufunsira mnzanga wa ku Mchinji, amene akulera kamnyamata, mayi ake a mwanayo ali ku Joni pa ntchito. Loya anayankha mwaulemu kuti ngati mayi ake alipo, nkhaniyo ndi yapafupi, awaimbire foni alankhule okha ndi bamboyo. Ndinakhala pa chulupo ndikuyang'ana yankholo. Esinati ndimuimbire pa nambala iti?

Kachitatu ndinasendera pafupi ndi zoona, koma osafika. Ndinalemba zimene mudzi umadziwa: kuti mwanayo ndi wa mwana wanga wamwamuna amene anatchona, ndipo kwabwera munthu wina amene akuti ndi wake. Yankho linabwera msanga. Ngati muli otsimikiza kuti bambo ake ndi mwana wanu, musaope, kayezetseni magazi, nkhani ithera pomwepo.

Chimene sindinaganize n'chakuti pa tsamba langa pali chithunzi changa, ndili ndi Tadala, titaima kutsogolo kwa nyumba yanga yomweyi. Ndinabisa mudzi, ndinabisa dzina la mwana, nkhope n'kuisiya poyera. Ndipo Anabanda nawonso ali ndi foni. Dzuwa lisanapendeke anafika akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Alamu, mwaona? Loya wanu uja wanena zoona. Abambo a kwathu atumiza kale uthenga kwa Lakisoni kuti tikayezetse magazi, achite manyazi."

"Ndiye wati chiyani?"

"Wavomera msangamsanga. Akuti galimoto alipira yekha. Kupusa kwake."

 Uphunguwo unali wabwino, koma unali wa mwana wa Yohane, mwana amene kulibe. Loya anasoka diresi pa muyeso umene ndinamupatsa ine, ndipo diresilo linali loti livule Tadala. Magazi akanalankhula, akanalankhulira Lakisoni, ndipo ine ndikanatsala nkhalamba yabodza imene yasunga mwana wa eni.

Ndinakwera chulu masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinapeza kuti loya uja wandilembera kumbali, kumene anthu ena saona.

"Agogo, mwafunsa katatu ndipo nkhani yanu yasintha katatu. Ndikuona kuti mukuopa. Pagulu paja mwachita bwino osalemba maina, ndipo musadzalembepo. Koma kuno tili awiri. Ndikakupatsani uphungu pa nkhani yosakhala yanu, ndikupwetekani ndi manja anga."

"Ndikudziwani bwanji kuti simunatumidwe?" ndinalemba.

"Simungadziwe lero. Ofesi yathu ili ku boma, mukhoza kupita kukafunsa ngati ndilipo. Dzina la mwana musanditchulire ngati simukufuna. Ndikufuna zimene zinachitika, mwa ndondomeko yake, kuyambira pachiyambi. Ngati kulemba kukuvuta, jambulani mawu."

Munthu wotumidwa sakuuza kuti kandifufuzeni. Ndinaimba pa nambala ya ofesiyo, imene inali pa tsamba lija, ndi mawu osintha, n'kufunsa ngati ali ndi loya wa dzina limenelo. Anati alipo. Ndinaimbanso ndi mawu ena. Anati, "Agogo, alipo ndithu, ndi omwe aja." Ndinadina kabatani kojambulira mawu, ndipo ndinayamba: "Ndinapita ku Joni imvi zitayamba kale."

Abale anga, sindinadziwe kuti m'mimba mwanga munali mawu ochuluka choncho. Ndinanena za bedi losazizira, za Esinati ndi chigafa chake, za beseni, za dzanja lake lopepuka m'dzanja langa kuchipatala. Ndinanena za chikalata chotsala pa chipata, za kuyang'ana kwanga kumene Anabanda anakusandutsa yankho. Ndinanena sukulu imene Tadala amaphunzira, chaka chimene anadwala malungo aakulu, ndi amene anagona naye kuchipatala. Uthenga umodzi ukatha ndinkayamba wina. Anthu odutsa pa njira ankaona nkhalamba itaima pa chulu ikulankhula yokha, ikulira, ikuseka, ndipo ndinamva wina akuti, "Za ku Joni zija zayamba kuwatuluka." Bandulo inatha, ndinatsika, ndinakagula ina pa kantini, ndinakweranso. Potsika komaliza thupi linali lopepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni umene ndinausenza kuchokera pa depoti paja.

Yankho lake linabwera mawa lake, la mawu, ndipo ndinalimvetsera mpaka kuliloweza.

"Tsopano ndiye mwandipatsa pogwira, agogo. Sindikunamizani. Ngati munthuyo ndi bambo womubereka, ali ndi gawo lake, ndipo musakane chimene chili choona. Za magazi zisiyeni, simukutsutsa zimenezo. Koma mwana si belo la fodya loti mwini wake angofika n'kukweza pa ngolo. Lamulo limayamba layang'ana chimene chili chabwino kwa mwanayo: wakulira kuti, wamulera ndani, sukulu yake ili kuti, iye mwini akufuna chiyani. Pitani ku boma kwa a zachisamaliro cha ana, mukawauze zonse ngati mmene mwandiuzira ine, ndipo mukapemphe ku khoti la ana kuti likuvomerezeni kukhala womulera. Sindingakulonjezeni chimene khoti lidzanene. Koma mudzafunika mboni. Ndani akudziwa zimene mayi ake ananena asanamwalire? Ndani kumudziko akudziwa nkhani yeniyeni?"

"Palibe," ndinayankha, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu amenewa sanandinyaditse. Zaka zonsezi ndinkamanga mpanda, osadziwa kuti ndikutsekera kunja anthu ondiikira umboni.

"Nanga mwanayo akudziwa?"

Funso limenelo linandikhazika pansi pa chulu. Loya anati khoti lidzafuna kumva kwa Tadala, ndipo si bwino kuti adzamve za mayi ake koyamba pakamwa pa alendo.

Ndinamuuza Loweruka m'chigafa, tikusoka fodya awiriwiri. Ndinayamba ndi depoti ya basi, poti ndinali nditaphunzira kuti nkhani imayambira pachiyambi. Iye sanasiye kusoka. Nditamaliza anati:

"Chithunzi cha a Yohane chija ndinkachiyang'ana pagalasi, agogo. Ndinkafunafuna pamene ndafanana nawo, osapapeza. Ndinkaganiza kuti ndinabadwa molakwika."

"Unabadwa bwinobwino. Nkhope yonseyo ndi ya mayi ako."

"Ankaseka bwanji?"

"Ngati iweyo. Mokweza, pa malo osayenera."

Anaseka, misozi ili mbwembwembwe, ndipo ndinaona Esinati ataima pakati pa masamba a fodya. Kenako anafunsa ngati ndimupereka. Ndinati adzayambe anyamula chulu chija.

Achimwene ndinawauza madzulo ake. Anakwiya, osati chifukwa cha Tadala, koma chifukwa anachita manyazi ndi uthenga wa magazi uja. "Mlongo wanga, munandisiya ndikulumbira pamaso pa alendo pa chinthu chimene sindikuchidziwa. Mwanayu wadya m'mbale mwanga kuyambira ali kumsana. Mukanandiuza, ndikanamuthamangitsa?" Ine ndinangoyang'ana zitseko zanga zija, zimene zikadali pa nyumba yawo. Koma tsiku la ku boma anavala jekete n'kutsogola.

Yotsala inali mboni ya ku Joni. Manambala onse a kumeneko ndinawafufuta tsiku limene ndinafika kuno, kuopa kuti wina angalondole mwana. Ndinapita ku Chamama kwa dalaivala wina amene amanyamula katundu wa anthu a ku Joni, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinafunsa munthu chinthu mosazungulira. Iye anafunsa mnzake, mnzakeyo anafunsa mlamu wake, ndipo patapita masiku foni yanga inalira ndili pa chulu. Anali Anangozo. Anabwerera kalekale, akugulitsa mbatata ya kachewere kwawo ku Ntcheu. Ndinawafotokozera zonse, ndi mafunso anga atatu aja omwe. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Inu amayi inu. Ndinati muzibisira apolisi a ku Joni, osati loya wanu. Chenjezo lija linali la pa ulendo, ngati kamba. Inu mwadya kamba wa pa basi zaka zonsezi?"

"Simunanene kuti limatha."

"Chabwino, ndikunena lero. Latha. Nditumizireni njira, ndikubwera."

Anabweradi, ndi thumba la mbatata pamutu, thupi lomwe lija, mawu omwe aja. Ataona Tadala anakhala pansi pa khonde osalankhula, chinthu chimene sindinachionepo kwa Anangozo.

Mayi wa zachisamaliro cha ana anabwera kudzaona pamene Tadala amagona ndi pamene amawerengera. Anafunsa aphunzitsi, anafunsa amayi a kumpingo. Anatsegula ngakhale m'nkhokwe, ine ndili pambuyo pake kuwerenga zala zake. Tsiku la khoti tinalowa tonse, ine, achimwene, Anabanda, Anangozo ndi aphunzitsi aakulu. Lakisoni anali kale pa benchi ndi amalume ake. Anangozo anaima, anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, n'kunena mokweza:

"Achimwene, mwafika? Beseni lija mwabwera nalo?"

Wa pakhomo anatiuza kuti tikhale chete, koma ndinaona kuti nayenso akuluma mlomo.

Ndinalankhula zonse pamaso pa woweruza, dzina langa lonse, kwathu kwenikweni, osaloza mphepo. Anangozo ananena mawu a Esinati monga anawamvera. Tadala anamutengera m'chipinda china kukamufunsa payekha, ndipo nthawi imeneyo ndinaiona kutalika kuposa msewu wa ku Joni. Lakisoni sanakane za beseni. Atamva mmene Esinati anafera anawerama, n'kufunsa ndi mawu otsika dzina la manda amene tinamuika. Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akuchita sewero. Sindinathe kudziwa, ndipo mpaka pano ndikumuonabe.

Woweruza anati Tadala akhala pamene wakulira, ndipo ine ndine womulera wovomerezeka. Bambo ake azibwera kudzamuona pakhomo panga, azithandiza za sukulu, ndipo za kukagona kwawo zidzayamba mwanayo akadzafuna yekha. Ndinamva mawuwo koma sanalowe. Anabanda ndiwo anandigwedeza phewa, "Alamu, mwawina." Panja pa khoti ndinaimba nthungululu, ine, pakati pa tauni, anthu akuona. Anangozo anavina mpaka mpango kugwa. Titafika kumudzi sindinalowe m'nyumba, ndinathamangira pa chulu kukauza loya wanga, ndipo mawu anga anali osamveka moti anandiyankha kuti, "Agogo, jambulaninso, ndangomva kukuwa kokhakokha."

Mwezi watha Lakisoni anabwera ulendo wake woyamba. Anatsika pa njinga yamoto atanyamula chinthu chokutidwa ndi pepala. Linali beseni, la pulasitiki, lobiriwira, la kukula koyenera khanda. Analiika pansi patsogolo pa Tadala. Tadala analiyang'ana, anamuyang'ana iye, n'kunena kuti, "Lachedwa, koma ndizichapiramo yunifolomu." Atachoka ndinalitenga n'kuliyang'ana padzuwa ngati lili ndi chiboo. Linalibe. Ndinathiramo madzi n'kulisiya tsiku lonse kuti nditsimikize.

Ndalemba zonsezi chifukwa loya uja ananditsanzika ndi mawu amene akundisowetsa mtendere. Anati pepala la khoti ndi labwino, koma ine ndakula, ndipo mwana wodziwika kwa anthu ambiri ndi wovuta kumusowetsa. Tadala wavomera kuti ndilembe, ndipo wati dzina la mayi ake ndilitchule lonse momveka: Esinati, mwana wa matenanti, amene tsopano ali ndi kwawo ku Lukwa kudzera mwa mwana wake.

Choncho inu amene mwawerenga mwasanduka mboni, mufune musafune. Mukamadutsa cha kuno, patukani mudzandizonde. Funsani nyumba ya agogo a ku Joni, ya chulu kuseri kwa chigafa. Mudzaone ngati ndikadali wamphamvu, mudzaone ngati mtsikanayo akupitabe kusukulu, ndipo mukadzandipeza nditagona, mudzafunse kuti iye ali kuti. Odi mudzachitire patali, dzina mudzanene lonse, osati theka. Mpando ndidzakupatsani, madzi akumwa ndidzakupatsani. Chikwama chokha ndidzachigwirabe, musadzakhumudwe.